Mvula yathu ndi mlendo woyendayenda m'Africa

Dzuwa la mwezi wa October likafika poŵaula, mlimi aliyense amaponya maso kumwamba nadzifunsa kumene mvula yatsalira. Yankho lake silipezeka m'mudzi mwathu kapena m'Zambia mokha ai. Lagona m'mapangidwe a dziko lonse lalikulu la Africa.

Africa ndi waciŵiri kukula, kupambanidwa ndi Asia yekha. Pakati pake padutsa mzere wochedwa Equator, ndipo m'madera oyandikana nao, monga m'nkhalango za ku Congo, mvula imagwa pafupifupi caka conse. Kumpoto kuli cipululu ca Sahara, m'mene mungakwane maiko 12 a ukulu wa Zambia. Kumwera cakumadzulo kuli zipululu za Kalahari ndi Namib. Ife tili pakati pa nkhalango ya mvula ndi mcenga wouma, ndipo n'cifukwa cace mvula imatiyendera miyezi yoŵerengeka cabe.

Mvula imalondola dzuwa. Kumene dzuwa laima paliwombo nthaka imatentha, mpweya umakwera kumwamba, ndipo mphepo zocokera kumpoto ndi kumwera zimakumana pamenepo n'kubala mitambo. M'miyezi ya June, July ndi August dzuwa limapendekera kumpoto. Pamene ife tikuotha moto, cimanga cili m'nkhokwe, alimi a ku Ethiopia, Mali ndi kumpoto kwa Nigeria amakhala ali kalikiriki kubzala ndi kupalira. Pofika November mlendoyo amatsikira kuno, natsazika m'March kapena m'April.

Mphepo yacinyontho imene imatipatsa mvula yambiri imaloŵera ku Congo. Motero anthu a ku Mwinilunga, kufupi ndi gwero la Zambezi, amayamba ndiwo kuiona, ndipo pacaka amalandira yoposa mamilimita 1,000. Ku Gwembe ndi ku Sesheke kaŵirikaŵiri siikwana 800. Mbeu yokomera mlimi wa ku Mwinilunga ikhoza kumliza mnzace wa ku Gwembe.

Cina cofunika kucidziŵa ndi kukwera kwa malo. Mbali yaikulu ya kumwera ndi kum'maŵa kwa Africa ili ngati thandala lokwezeka, ndipo munthu akamakwera, kutentha kumacepa. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere. Cigwa ca Luangwa cili m'munsi kwambiri, ndiye cifukwa cace wocokera ku Chipata akatsikira ku Mfuwe m'October amamva ngati waloŵa m'ng'anjo. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lalitali mamita 5,895, lili pafupi ndi Equator, koma pansonga pace pali madzi oundana.

Nyanja zazikulu nazo zili ndi mau pa mvula yathu. Nyanja ya India imatumiza anamondwe monga Freddy, amene anapha anthu ambiri ku Malawi ndi ku Mozambique mu 2023. Kutali kwambiri, madzi a m'nyanja ya Pacific akafunda kopitirira, cimene akatswiri amacicha El Niño, mvula ya kumwera kwa Africa kaŵirikaŵiri imacepa. Zinatero mu 1992, ndipo zinateronso mu 2024 pamene cimanga cinapserera m'minda, madzi nacepa m'Kariba, magetsi nayamba kuzima maola ambiri. Pa 29 February caka cimeneco Boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse.

Palibe mfumu ingaitane mphepo ya ku Congo kapena kuziziritsa Pacific. Cimene cili m'manja mwanu, alimi anzathu, ndi kukonza munda mvula isanadze, kumvetsera pa wailesi zimene a zanyengo akulosera, ndi kufunsa alangizi za mbeu yoca msanga. Pambali pa cimanga pasasoŵe mapira, cinangwa ndi khobwe, pakuti mlendo ameneyu akafulumira kucoka, ndizo zimatsala kudyetsa ana.