Mfuti kapena ngalande? Mvuu zikalowa m'munda wa mpunga

Mpunga ukayamba kucha, nkhani pa dooko komanso tikatuluka Jumu'a imakhala imodzi: mvuu zatha munda wa uje usiku. Apa ena amati, "Tingopeza mfuti yopepuka, yosakanika kulira, basi zatha."

Tisanathamange, tiyeni tione kaye. Gogodela wosula kumudzi ndi wopepukadi, koma mpope wake umatha kuphulika m'manja, ndipo onga ukanyowa salira. Mvuu yovulala imalusa kuposa yamoyo bwinobwino, ndipo mawa lake ndi ife asodzi amene timakumana nayo pa bwato. Kusunga mfuti kumafuna chilolezo cha apolisi, kusaka nako kumafuna china cha Dipatimenti ya Zinyama Zakutchire.

M'nkhalango ya Nkhotakota kusaka n'koletsedwa. Kuyambira 2015 a African Parks akuiyang'anira limodzi ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Lamulo lomwe linakonzedwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Bambo akamangidwa, ukonde adzakoka ndani?

Misampha nayonso si njira. Nyama yofera m'waya isanazingidwe ndi haramu kwa ife.

Chotithandiza ndi khasu. Mvuu ili ndi miyendo yaifupi, ngalande yakuya yozungulira munda imaivuta kudumpha. Tikumbe mogwirizana, tizilondera mosinthana ndi moto ndi zitini. Ikapitiriza kuvuta, tiuze amfumu ndi alonda a zinyama, iwo ndiwo ali ndi mfuti yoyenera. Allah atisungire zokolola zathu.