Akatswiri a njinga tili nawo pa Khwekhwelere

Mu Seputembala 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga zakapalasa, ndipo kadali koyamba kuti mpikisanowu uchitikire muno mu Africa. Anzathu a ku Rwanda adazindikira kale kuti mapiri amene amawatopetsa tsiku ndi tsiku ndi chuma. Funso langa kwa a Malawi anzanga, makamaka ife a kunyanja kuno ku Salima, ndi lakuti: nanga ife zitunda zathu tikuzisungira chiyani?

Mlendo akafika ku Senga Bay n'kufunsa komwe angakapalase njinga m'mapiri, timathamangira kumulozera ku Nyika, paki yomwe idakhazikitsidwa mu 1965, kutali ku mpoto. Paki yathu kuno ndi Lake Malawi National Park ya mu 1980, yomwe bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, koma mbali yake ya ku Salima ndi zilumba za Maleri zokafika pa boti. Ku Kuti alendo amapalasa pakati pa mbidzi, koma kumeneko n'kwachidikha.

Chonsecho chitunda chenicheni chili pakhomo pomwepa. Tengani msewu wa M5 kulowera kum'mwera, mudutse Chipoka, Mtakataka ndi Mua. Pa Golomoti mukhotere kumanja, msewu wokatulukira pa Masasa pafupi ndi Dedza. Amenewo ndiye malo otchedwa Khwekhwelere. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe tauni ya Dedza ili cha m'ma 1,600. Ndiye kuti wochokera kunyanja amakwera mamita oposa 1,000, ambiri mwa iwo pa msewu wokhotakhota ngati njoka.

Ine ndidapalasapo msewu umenewu m'nyengo yozizira, pa njinga ya magiya yopanda katundu. Ndidanyamuka pa Golomoti kusanache chifukwa dzuwa la kuchigwa likakupeza pa chitunda, mphamvu zimathera m'thukuta. Lamulo lake ndi limodzi basi, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Giya yopepuka, madzi pang'onopang'ono, maso pa khona ikubwerayo. Ukacheuka umaona chigwa chonse chitayalika mpaka kunyanja, kwinaku mphepo ikuzizirira zizirira pamene ukukwera.

Pakati pa chitundacho ndidapeza mnyamata wina akukankha njinga ya kaliyala, dengu la usipa wouma litamangidwa ndi mphira kumbuyo. Ndidamufunsa kuti, "Achimwene, mufika nthawi yanji pamwamba?" Iye adangoseka n'kuti, "Bambo, kukwera si nkhani. Nkhani ili pobwerera ndi thumba la mbatatesi, mabuleki akatentha." Atafika poyala pang'ono adalumphira pa chishalo, ndipo ine ndi magiya angawo sindidamuonenso.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Anyamata oterewa ali mbwee m'misewu yathu. Ena ndi a kabaza pa Kamuzu Road, ena amapita ndi nsomba kumtunda, enanso amasenza matumba a makala kukwera msewu wa M14 wopita ku Lilongwe. Miyendo ndi mapapo zimene akatswiri a kunja amazifuna ndi zaka zambiri zokonzekera, iwowa umphawi udawapatsa kale. Koma ife tikawaona timangoliza hutala kuti atipatuke, nthawi zina mpaka kuwagwetsera m'ngalande.

Wina anena kuti ndikulota masana. Tamverani izi. Gasore Hategeka wa ku Rwanda adayamba ndi kunyamula anthu ndi mbatatesi pa njinga asanalowe timu ya dziko lake. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea adavala malaya a katswiri wokwera mapiri pa mpikisano wa Tour de France, ndipo mu 2024 mnzake Biniam Girmay adapambana zigawo zitatu za mpikisano womwewo. Amenewa sadagwe kumwamba ayi. Kwawo kudali anthu amene adaona mnyamata pa chitunda n'kumupatsa mwayi.

Nkhaniyi ikukhudzanso nkhalango. Mapiri a pakati pa Dedza ndi Salima ali ndi nkhalango zotetezedwa monga Thuma, Dedza-Salima ndi Mua-Livulezi, ndipo mitsinje yothira m'nyanja imachokera kumeneko. Mitengo ikatha, matope onse amatsikira kwa ife asodzi ndi alimi a mpunga. Wonyamula makala kumulanda njinga lero, mawa abwereka ina, chifukwa ana kunyumba sadya malamulo. Koma atapeza ndalama poperekeza alendo pa chitunda kapena pokonza njinga zawo, iye mwini ndiye adzayamba kulondera mitengoyo, popeza mlendo salipira kudzaona zitsa.

Tsono pempho langa nali. Akuluakulu oona za masewero, makhonsolo a Salima ndi Dedza, ndi eni mahotela a ku Senga Bay akhale pansi, mutu umodzi susenza denga. Akhazikitse mpikisano wa chaka ndi chaka wochokera kunyanja kukathera ku Dedza m'miyezi yozizira ya Juni kapena Julaye. Pakhale gawo la njinga za magiya, komanso gawo la njinga wamba za kaliyala, lopanda ndalama yolowera yoopseza wa kabaza. Mphoto ikhale njinga yeniyeni ya mpikisano ndi mphunzitsi, osati tisheti ndi botolo la zakumwa. Apolisi atseke msewu kwa maola ochepa tsikulo.

Ndipo oona za misewu asaiwale masiku ena onse a pachaka. Pokonza misewu yokwera mapiriyi azisiya malo okwanira m'mbali oti wa njinga adutsemo, ndi zitsulo zotchinga m'makhona oopsa. Mnyamata wotsika ndi thumba la mbatatesi ayenera kukafika pa Golomoti wamoyo, kaya kuli mpikisano kaya kulibe.