Dzina la Papa Linacokera ku Mphanje

Alimi anzanga a kuno ku Chadiza, ana athu ena acita manyazi kunena kuti makolo ao ndi alimi. Tamvani za dzina ili: Roncalli.

Ku Italy, liu lakuti ronco litanthauza munda watsopano, pamene munthu wagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa. Ife timati mphanje. Dzina la banja la Roncalli linacokera pamenepo, ndipo mpaka lero eni dzinali ambiri apezeka m'cigawo ca Bergamo, kumpoto kwa dzikolo.

M'banja limeneli munabadwa Angelo Roncalli mu 1881, pamudzi wa Sotto il Monte, kutanthauza kuti patsinde pa phiri. Makolo ace anali kulima munda wa eni, nagawana nao zokolola. Mu 1958 mwana wa alimiyu anakhala Papa Yohane XXIII. Ndiye anatsegula msonkhano wa Vatican II mu 1962, umene unalola kuti Misa izicitika m'cilankhulo cathu. Analengezedwa woyera mu 2014.

Tsono inu a Phiri, a Banda ndi a Mbewe, madzulo ano afotokozereni ana za ciwongo canu ndi minda imene makolo anaswa. Khasu silicititsa manyazi.