Musanagule seva yakaunjika, yambani mwafunsa mita

Mwezi wathawu mlongo wanga wa ku Machinjiri, cha ku Area 5, adandiimbira foni ali wokwiya. Amvekere: achimwene, bwerani mudzalankhule naye mphwanuyu, mayunitsi a magetsi akutha ngati tikuwotcha njerwa ndi mbaula.

Nditafika ndidapeza chibokosi chachitsulo chili pampando, chikulira ngati chigayo. Mnyamatayo adati ndi seva, Dell PowerEdge, yomwe ofesi ina idasiya kugwiritsa ntchito. Adaigula motchipa kwa wogulitsa makompyuta akaunjika ku Limbe.

Kwa amene simukudziwa, seva ndi kompyuta yotumikira makompyuta ena ndi mafoni. Imasunga mafayilo n'kumawapereka kwa aliyense wolumikizika nayo, motero siyenera kuzimitsidwa. Apa ndiye pagona vuto. Tinene kuti seva yanu ikukoka mawati 200, zomwe si zachilendo kwa zakalezi. Patsiku ndi mayunitsi 4.8, pamwezi 144. Wogulitsa sakuuzani zimenezo. Dziyesereni nokha: zimitsani zina zonse m'nyumba, lembani nambala ya pamita, yatsani sevayo maola awiri, kenako kaonaninso.

Chinanso, makinawa adawapangira chipinda chozizira chopanda fumbi. Nanga m'nyumba yamalata yopanda siling'i, mu Okutobala, fumbi la m'misewu ya ku Machinjiri likulowera pawindo? Mafani ake amangokuwa usiku wonse. Iikeni pamwamba, osati pansi, ndipo muziipukuta pafupipafupi.

Pogula, uzani wogulitsa aiyatse muli pomwepo. Onani ngati madisiki ndi timatileyi take zilimo, poti maofesi ambiri amazula asanagulitse, ndipo madisiki a SAS salowa m'malo mwa a kompyuta wamba popanda kuyang'ana bwino. Mukapezamo mafayilo a eni ake akale, fufutani, si anu.

Kumbukiraninso kuti magetsi akathima disiki ili mkati molemba, mafayilo amatha kuwonongeka. Sitidaiwale 2022, pomwe namondwe Ana adawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 mpaka 2023. Popanda UPS mukuchita juga.

Komatu makolo, musafulumire kulanda. Ine ndidapita kukadzudzula, ndidabwerako nditagoma. Mphwangayo adaikamo Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004 (dzinalo ndi umunthu wathu womwewu). Adawonjezera Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia pakompyutapo, moti azing'ono ake amawerenga pafoni kudzera pa Wi-Fi popanda kugula bandulo. Adaikamonso mapepala a mayeso akale a MSCE. Mwana wa zaka 19 amene amaswera akulimbana ndi zoterezi, mwati n'kumukalipira ngati wapezeka ku shabini? Zimene akuphunzirazo n'zomwe anzake amalipidwa nazo m'mabanki.

Tidagwirizana chonchi. M'kabati mudali laputopu yakale yosweka sikirini. Yotereyi imakoka mawati 20 kapena kucheperapo, kutanthauza mayunitsi osapitirira 15 pamwezi, siisokosa, ndipo ngati batire lake likadali lamoyo, magetsi akathima siifa nthawi yomweyo. Zonse adasamutsira m'menemo. Chigayo chija amachiyatsa Loweruka lokha akafuna kuyeserera, ndipo mayunitsi a tsikulo amagula yekha ndi ndalama zokonzera anthu mafoni.

Mlongo wanga akuti tsopano akugona tulo, kungoti akufuna mpando wake ubwerere pabalaza.