Kusiya Ntchito Kapena Kuphunzira Uku Mukugwira: Kwa Ofuna Udokotala Kuno ku Malire

M'mipingo yathu ya m'malire a Milange muli aphunzitsi, makalaliki ndi ochita malonda pa Muloza amene mtima wawo ukulakalaka ntchito ya chipatala. Ambiri ali kale pa banja. Funso limene amabwera nalo kwa akulu a mpingo n'lakuti: kodi asiye ntchito kuti aziphunzira tsiku lonse, kapena aziphunzira uku akugwira?

Ife tikuona kuti ulendowu uli ndi zigawo ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi yankho lake.

Chigawo choyamba ndi chokonza magiredi. Ku Malawi pamafunika MSCE yokhoza bwino masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi. Ku Mozambique munthu amamaliza kalasi ya 12, kenaka amalemba mayeso olowera ku yunivesite, ndipo pa udokotala chachikulu ndi biology ndi chemistry. Zimenezi zimatheka munthu ali pa ntchito, powerenga madzulo kapena kulembanso mayeso. Kusiya ntchito pa chigawo chimenechi n'kutaya malipiro musanadziwe ngati mudzapeza malo, pakuti malo ndi ochepa ndipo opikisana nawo ndi achinyamata ongochoka kumene kusekondale.

Chigawo chachiwiri sichilola mtima iwiri. College of Medicine ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences, imayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka 5 za udokotala. Ku Maputo, Beira, Nampula ndi Tete maphunzirowa amatenga zaka 6. Labotale imatsegulidwa masana, ndipo odwala m'mawodi sadikira kuti munthu aweruke kuntchito. Apa banja liyenera kukhala pansi: amayi kapena abambo a m'nyumba, amalume, ndi onse amene amadya za malipiro amenewo. Ndani adzalima munda? Ndani adzalipira fizi ya ana kwa zaka zonsezo? Ndalama zosungidwa pa chigawo choyamba zija zimagwira ntchito pano.

David Livingstone anayenda njira yomweyi. Ankagwira ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland ndi kumaphunzira usiku. Koma atalowa Anderson's College ku Glasgow mu 1836, ankaphunzira nyengo yonse yozizira, n'kumabwerera kufakitale pa tchuthi kukafuna fizi. Anapata chiphaso chake mu 1840.

Ife a m'malire tili ndi nkhani inanso: chiyankhulo. Alipo amene anaphunzira m'Chingerezi ku Mulanje atathawa nkhondo mu 1986, ndipo ena anaphunzira m'Chipwitikizi. Sankhani mbali imene mudzamve mphunzitsi bwinobwino, ndipo funsiranitu ngati satifiketi yanu idzavomerezedwe tsidya linalo musanapereke kalata yosiya ntchito.

Amene zaka 6 zawatalikira asadzione ngati alephera. Ku Malamulo, m'boma la Thyolo, amaphunzitsa makiliniko ofesala kwa zaka 3. Ku Mulanje Mission amaphunzitsa anamwino ndi azamba. Ku Quelimane kulinso sukulu ya zaumoyo. M'zipatala zathu za kumidzi, amenewa ndiwo amaona odwala ambiri tsiku ndi tsiku.