CIBVOMEZI NDI KAMANGIDWE KA NYUMBA ZATHU

Mverani, inu a ku Katondo, mu mzinda wa Kabwe, amene muli kuumba njerwa kuti mumange nyumba.

Ambiri amati cibvomezi ndi tsoka la maiko akutali, koma si tero ai. Nyanja za Tanganyika ndi Malawi ziri m'cigwa cacikuru cimene cinapangika pamene thanthwe la pansi linang'ambika, ndipo likasuntha pa ming'alu yace, nthaka imagwedezeka. Mu 1989 cibvomezi cinapha anthu 9 ku Salima, ndipo ena pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu December 2009 cinagwetsa nyumba zambirimbiri ku Karonga. Kuno kwathu cinagwedeza dera la Kariba mu 1963, ndi Kaputa mu 2017. Kabwe ali kutali ndi cigwaco, komatu cibvomezi cacikuru cimamveka mtunda wautali.

Inu amene munalowapo mu mgodi wa Broken Hill usanatsekedwe mu 1994, mudziwa kuti munthu sagwira nchito pansi pa thanthwe losacirikiza. Nyumba nayo iri cimodzimodzi. Kawirikawiri copha anthu si kugwedezeka kwa nthaka, koma khoma lowagwera. Khoma limapirira katundu wolitsindika kucokera pamwamba, koma likakankhidwa cam'mbali limang'aluka msanga.

Tsono pomanga kumbukirani izi. Kumbani maziko kufikira mutapeza nthaka yolimba. Musaumire simenti: muyeso umodzi usapitirire miyeso 6 ya mcenga. Pa ngondya njerwa zilumane bwino, ndipo zitseko ndi mazenera zitalikire ngondyayo mapazi awiri kapena kuposa. Cacikuru koposa ndico lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Lambayu amagwira makoma onse pamodzi monga luzi limanga mtolo wa nkhuni. Denga likhale lopepuka, lomangiriridwa ku lambayo ndi waya. Musalitsindike ndi miyala, pakuti miyalayo idzagwera ana anu.

Ngati nyumba yanu inamangidwa kale, yang'anani ming'alu pa ngondya ndi pamwamba pa zitseko, ndipo itanani mmisiri aikonze.

Zoona, zitsulo ndi simenti zimadya ndalama. Koma palibe katswiri angatiuze tsiku la cibvomezi, ndipo cipinda coonjezera cingathe kudikira caka camawa, pamene lamba amaikidwa denga lisanakwere.