ZAKA 70 PA DZIKO LA ENI ACE

Mwambo wa kukumbukira tsiku la kubadwa sitinaupeze kwa makolo athu. Unadza ndi mabuku a ubatizo a ku misyoni, ndi kaundula wa msonkho, ndi citupa. Koma lero wakhazikika pakati pathu, kotero kuti m'makomboni a ku migodi, m'mapulazi a ku Zimbabwe ndi m'malokeshoni a ku Joni mudzapeza ana atasonkha ndarama, atagula mbuzi ndi keke, nakhazika atate ao pa mpando kuti anthu aone kuti akwanitsa zaka 60 kapena 70. Tifuna kukamba za phwando limeneli, makamaka pamene licitika kutali ndi mudzi kumene kunagwera mcombo wa mwini phwando.

Akale anali kuwerenga zaka zao ndi zinthu zimene zinagwa m'dziko. Wina anali kunena kuti anabadwa caka ca nkhondo ya Chilembwe, ndico 1915. Wina anali kukwawa pa nthenda ya fuluwenza ya 1918. Wina anaberekwa kumbuyo pa njala ya 1949. Ciwerengero cotere cinali cokwanira pa mudzi, pakuti onse anali kudziwa amene anayamba kuona dzuwa ndi amene anatsatira, ndipo nca ico cokha cimene ulemu unafuna. Koma munthu akafika pa zenera la olemba anthu a nchito, kalaliki anafuna nambala. Tsono anali kumyang'ana nkhope ndi ndebvu, nalemba caka cimene cinamkomera; ndipo tsiku ndi mwezi zikasowa, kawiri-kawiri linali kulembedwa la 1 January. Ife ogwira mabuku a maina tidziwa kuculuka kwa nkhalamba zobadwa pa 1 January, ngati kuti amai a kale onse anapangana tsiku limodzi. Cotero phwando la zaka 70 nthawi zina licitikira munthu wa zaka 67, kapena wa 74, ndipo iye angoseka, pakuti mbuzi yaphedwa kale.

Musayese kuti ici cigwera anthu wamba okha. Dr. Hastings Kamuzu Banda anacoka ku Kasungu ali mnyamata, nagwira nchito m'cipatala ca ku Hartley, kumene lero kuchedwa Chegutu, ndi pa mgodi wa ku Boksburg, napita ku America m'caka ca 1925, ndipo anabwerera kudzakhala kwao pa 6 July 1958. Boma lace linali kukumbukira 14 May 1906 monga tsiku lace la kubadwa, koma olemba mbiri ambiri aika kubadwa kwace ca m'ma 1898. Ngati titsata a mbiri, zaka zace 50 zinakwanira mu 1948 ali dokotala ku London. Ngati titsata Boma, zinakwanira mu 1956 ali ku Kumasi, ku Gold Coast. Monse muwiri zinampeza ali pa dziko la eni. Anafera m'cipatala ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Tsono taganizani za munthu wobadwa mu 1955, amene zaka zace 70 zinakwanira mu 2025. Anali wa zaka 18 mu 1973, masiku amene Wenela anali kunyamula anyamata a kwathu pa ndege kufika ku Francistown, ndi kucokera kumeneko pa sitima kunka ku migodi ya golide. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown, nifa anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwao, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso mu 1977, nikutha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Ambiri anabwerera ku mudzi ndi njinga ndi wailesi. Ena anatsala, nakwatira konko, nasanduka machona. Winanso sanafike ku Joni konse, koma anaima pa pulazi ya fodya ya ku Mashonaland, kapena anabadwira m'komboni momwemo mwa atate amene anadza kale pa miyendo potsata njanji.

Phwando la munthu wotere liri ndi zinthu ziwiri-ziwiri. Keke ndi makandulo nza ana; thobwa ndi usipa wouma, umene wina wabwera nao pa basi kucokera ku Lilongwe, nza nkhalamba. Adzukulu afunsa m'Cishona kapena m'Cizulu, agogo ayankha m'Cinyanja, ndipo amvana bwino lomwe. Anzace a bungwe la maliro abwera ndi majekete ao, nakhala mbali imodzi, nayamba kuchula maina a amene anagwira nao nchito. Ndipo apa ndipo pamene phwando lizizira pang'ono, pakuti pa maina khumi oyankha ndi atatu. Abusa akakhalapo sadzalephera kukumbutsa kuti Salmo 90 liika malire a moyo wa munthu pa zaka 70, kapena 80 kwa wamphamvu. Ine ndiyesa kuti mau awa angadikire tsiku lina, koma nkhalamba zeni ziwakonda, ndipo zibvomereza ndi mutu.

Cimene cibvuta mtima wa nkhalamba ya pa mgodi kapena pa pulazi si imvi iai, koma nyumba. Pa mudzi munthu akalamba m'nyumba yace, pa munda wace. Pa komboni nyumba nja kampani, ndipo iyenda pamodzi ndi nchito. Mgodi wa Kamativi utatsekedwa mu 1994, ndi wa Mhangura mu 2000, anthu anatsala m'nyumba zopanda mwini woyang'anira. Ndipo mapulazi a Azungu atayamba kulandidwa mu 2000, anchito ambiri a mtundu wa ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia anataya nchito ndi pogona tsiku limodzi, osakhala ndi mudzi wa makolo m'Zimbabwe wothawirako. Lamulo la unzika la 2001 linaonjezera bvuto, pakuti ambiri obadwira momwemo anayesedwa alendo. Malamulo akulu a dziko a 2013 anakonza mbali ya ici: munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanaturuke, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ali wokhala m'dzikomo, ali nzika mwa kubadwa. Koma onani bwino: mau awa athandiza ana, osati atate obadwira ku Dedza. Ku South Africa ndarama za okalamba ziyamba pa zaka 60, koma zipatsidwa kwa nzika, kwa amene ali ndi cilolezo cokhala masiku onse, ndi kwa othawa nkhondo obvomerezeka. Wokhala wopanda mapepala afika pa 60 nangopitirira kugwira ganyu.

Nanga bwanji osabwerera? Funso ili lifunsidwa pa phwando liri lonse, ndipo anyamata ife tifulumira kunena kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Komatu nkhalamba idziwa zimene ife sitinaziganize. Mwa mwambo wa Acewa munda uli ku mudzi wa amai ace, m'manja mwa alongo ace ndi ana ao. Iye atakhala zaka 50 osatumiza bulangete kapena kalata, adzafika kwa adzukulu amene sanamuone ciyambire, ndi mfumu imene inali khanda pamene iye anacoka. Ndipo ana ace nanga? Kwa Acewa mwana ali wa kwa amace. Kwa Ashona mwana atsata atate ndi mtupo wa atate. Cotero ana a Mcewa ndi mkazi wa Cishona, abale a uku awatumiza uko, ndi a uko awatumiza uku. Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inabvomereza mu 2018 kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri, ndipo ici capeputsa mbali ya mapepala. Koma munda sugawidwa ndi pasipoti. Clements Kadalie wa ku Chifira, wophunzira wa ku Livingstonia, amene anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town mu 1919, anafera ku East London mu 1951 ali ndi zaka 55, ndipo banja lace linakhala la ku South Africa. Njira yace ndiyo imene ambiri aiyenda mwakacetecete.

Pali mau ena kwa inu ana amene mukonza phwando la atate amene anagwira pansi pa mgodi wa golide. Akatsokomola pozima makandulo, musati ndi ukalamba cabe. Pfumbi la mwala lilowa m'mapapo, ndipo nthenda yace, yochedwa silicosis, ikhoza kuoneka patapita zaka zambiri munthu ataleka nchito. Mu 2019 bwalo la milandu la ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani 6 a golide apereke R5 biliyoni, ndipo kunakhazikitsidwa Tshiamiso Trust kuti ilipire odwala silicosis kapena cifuwa cacikulu cocokera ku nchito, amene anagwira pa migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, pamodzi ndi amasiye a amene anafa nazo. Kupereka dandaulo nkwaulere, ndipo wokuuzani kuti mumlipire kuti akulembetseni mumcenjerere. Popeza pa tsiku la phwando ana onse ali pamodzi ndi anzao a atate ali pomwepo, pemphani kuti aturutse cikwama cao ca mapepala akale, mulembe nambala yao ya pa mgodi, maina a migodi imene anagwirako ndi zaka zace, ndipo mukafunse nazo ku ofesi ya TEBA.